Kit yoyamba ya mfuti ya gogodera: ndigule iti?

Funso: Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa mfuti ya gogodera imene anamanga yekha kuchokera mu kit, bokosi la zidutswa za mfuti zoti ulumikize wekha, ndipo nane ndasirira. Ukalipentala ndinaphunzirako pang'ono ndili kumudzi, koma mfuti sindinamangepo. Pa intaneti ndikuona ma kit a madola 400, ena opitirira 1,000, ena a mwala (oyatsa wonga ndi mwala), ena a cap (oyatsa wonga ndi kachipewa ka mkuwa). Ndili ndi madola pafupifupi 700. Ndikufuna yowombera chandamale, mwina m'tsogolo n'kumasakira agwape. Ndigule iti?

Yankho: Achimwene, ndi ndalama imene mwatchulayo gulani kit ya cap, ya .50 (mpope wa bowo lotambalala theka la inchi), ya mtundu wa Hawken. Ngati ikukwanira, tengani ya Investarm ya ku Italy. Ngati mukuona kuti simutsala ndi yogulira zipangizo, tengani ya Traditions. Koma ngati mtima wanu uli pa ya mwala, bwezani ndalamayo m'thumba, muonjezere kwa miyezi ingapo mpaka ikwane kit ya Kibler. Chimene ndikukuletsani ndi chimodzi: mfuti ya mwala yotchipa. Anthu ambiri amene anasiya ntchito imeneyi atangoiyamba anagwera pamenepo.

Musanatumize ndalama, nkhani ya malamulo ikhale itatha. Lamulo la boma lalikulu la America, Gun Control Act ya 1968 pamodzi ndi zimene anaonjezeramo pambuyo pake, limaika mfuti yothirira wonga kukamwa, yosalandira zipolopolo zamakono, m'gulu la mfuti zamakedzana. N'chifukwa chake m'zigawo zambiri kit imafika pakhomo panu osadzera kwa wogulitsa mfuti wa chiphaso. Koma chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake. Ku New Jersey amaitenga ngati mfuti ina iliyonse, ndipo ku Illinois, pafupi nanu pomwepo, amafuna khadi ya FOID, chiphaso cha eni mfuti. Ife obwerafe tilinso ndi funso limene mnzanu wobadwira konkuno sangaliganizire: mapepala amene tikukhalira. Ngati muli pa visa ya sukulu kapena ya ntchito, funsani loya musanagule mfuti kapena wonga. Zoti mudzaiike mu kontena ipite kumudzi, iwalani. Ku Malawi mfuti iliyonse imafuna chiphaso cha boma, ndipo kupezeka ndi ya gogodera popanda chiphaso ndi mlandu.

Musaiyerekezenso ndi zija mumazidziwa kwathu. Zimene zinalowa m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, zambiri zinali za mpope wosalala mkati, zowombera pafupi. Zija opha nyama mozemba amawotcherera kuchokera ku mapaipi n'zimene zimaphulikira m'manja mwa eniake. Mu kit mumapeza mpope wa chitsulo cha kufakitale, wotsekedwa kale kumbuyo, wokhala ndi timizere topota mkati tozunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Mpope simupanga ndinu, ndipo musadzayesere. Ntchito yanu ndi kukhazika zitsulo m'thabwa, kulisema, ndi kumalizitsa zonse mpaka zioneke bwino.

Tsono ogulitsa amaika magulu atatu osiyana a zinthu m'mabokosi olembedwa mofanana, ndipo apa m'pamene oyamba amasokonezeka.

Loyamba ndi mfuti ya kufakitale imene sanaimalize. Apa pali Traditions, kampani ya ku Connecticut imene mfuti zake zimapangidwa ku Spain, komanso Investarm ndi Pedersoli za ku Italy. Thabwa limabwera losemedwa kale, mabowo oboola kale, malo a loko (chipangizo choyatsira wonga) ndi a mpope okumba kale. Inu mumakhazika mikuwa, kupala, kukwecha ndi sandipepala, kupaka mtundu ndi mafuta, n'kudetsa chitsulo. Munthu wodziwa matabwa amatha ndi masabata awiri kapena atatu a madzulomadzulo. Mipope ya makampani onsewa imawomba bwino, ngakhale yotchipa ija. Pamene amachepetsera mtengo ndi pa loko, pa mtundu wa thabwa, ndi pa kukumana kwa zinthu. Mudzapeza kampata kumbuyo kwa mpope, bowo la sikulu losalunjikana ndi linzake, mkuwa wosagona pa thabwa. Mfuti ya mtundu wa Kentucky ya Traditions thabwa lake ndi la zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi kamkuwa pakati, ndipo kulumikiza pamenepo kuti utali ugwirizane ndi mpope kumavuta oyamba ambiri. Investarm ndimaikonda chifukwa ndi imene kwa zaka zambiri inkapangira kampani ya Lyman mfuti yotchuka ya Great Plains Rifle, ndipo masiku ano imagulitsa yofanana nayo pa dzina la Gemmer Hawken. Maonekedwe ake ali pafupi ndi mfuti zenizeni zimene Jacob ndi Samuel Hawken ankapanga ku St. Louis kuyambira m'ma 1820: zitsulo zakuda m'malo mwa mikuwa yonyezimira, mpope wolemera, ma wedge awiri, tizitsulo tougwira ku thabwa.

Lachiwiri si kit kwenikweni koma mulu wa zipangizo. Track of the Wolf ku Minnesota, Pecatonica River ku Illinois ndi Jim Chambers ku North Carolina amagulitsa zoterezi. Mikuwa imabwera yokhakhala monga inachokera m'chikombole. Malo a zitsulo anangowayamba. Mabowo a mabawuti muboola nokha, mazinga mudula nokha, malo okhazika zoyang'anira pa mpope musema nokha ndi tupa, ndipo pa ya mwala kabowo kolowera moto kakalakwika malo, mfutiyo idzakuvutitsani moyo wake wonse. Ntchito yake imapitirira maola 100 kwa munthu wodziwa. Zipangizo za Chambers ndi zapamwamba zedi, ndipo loko ya Siler imene iye amapanga ili pa mfuti zambirimbiri za amisiri. Komabe imeneyo ikhale mfuti yanu yachiwiri kapena yachitatu. Munthu wosazolowera amatha kusandutsa zipangizo za madola 1,000 kukhala mfuti imene palibe angaigule pa 400.

Lachitatu linabwera posachedwapa ndipo linasintha zinthu. Jim Kibler wa ku Ohio amasema matabwa ndi zitsulo pa makina a CNC oyendetsedwa ndi kompyuta, moti zinthu zimalowana pafupifupi zokha. Ali ndi Southern Mountain Rifle, yowonda, ya zipolopolo zing'onozing'ono, ali ndi Colonial yaikulu ndi yolemera, ndipo ali ndi Woodsrunner imene ndi yosavuta koposa zonse kumanga. Mtengo wake umapitirira madola 1,000. Chimene anthu sachiyembekezera n'chakuti kit yodulayi ndi yosavuta kumanga kuposa ya madola 400 ija. Pa yotchipa, nthawi yanu imathera pa kukonza zimene fakitale inalakwitsa. Pa ya Kibler, imathera pa kukongoletsa. Alinso ndi mavidiyo pa YouTube oonetsa ntchito yonse kuyambira potsegula bokosi, ndipo ndikukulangizani muwaonere ngakhale mutagula ya kampani ina, chifukwa kagwiridwe ka tupa ndi kakhazikidwe ka chitsulo m'thabwa n'kamodzimodzi. Amisiri ena amadandaula kuti pamenepo palibe kumanga, n'kulumikiza chabe. Akunena zoona, koma kwa munthu woyamba ine ndimaona kuti ndi bwino aone kaye mmene mfuti yolondola imakhalira m'manja, kenako adzayese kusema yake.

Tibwere ku loko, pakuti nkhani yonse yagona apa. Pa mfuti ya cap, kachipewa kakang'ono ka mkuwa, kawirikawiri ka nambala 11, kamavekedwa pa kansonga kobooka. Nyundo ikamenya, moto umalowa mwamphamvu mpaka pa wonga. Njirayi inachokera pa nzeru za m'busa wa ku Scotland, Alexander Forsyth, amene analembetsa luso lake mu 1807, ndipo ma cap anafala m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830. Loko ya cap ilibe zambiri zoti ilakwitse. Bola sipuling'i ikhale yamphamvu ndipo nyundo igwere pakati pa kansongako, yotchipa ndi yodula zonse zimalira.

Ya mwala ndi nkhani ina. Mwala wa flint umakanda chitsulo chotchedwa frizzen, n'kupala tizidutswa ta chitsulo toyaka, timene tiyenera kugwera m'kambale ka wonga, ndipo moto wa m'kambalemo udutse pa kabowo mpaka mkati mwa mpope. Kuti zonsezi zichitike m'kuphethira kwa diso, frizzen iyenera kukhala yolimba bwino, mwala uyenera kuimenya mopendekeka osati mwachindunji, masipuling'i awiri ayenera kugwirizana mphamvu, ndipo kabowo kayenera kukhala pakati pa kambale, molingana ndi milomo yake. Pa loko yabwino mwala umodzi umawomba kambirimbiri ndipo kulira kwake simusiyanitsa kwenikweni ndi kwa cap. Pa yotchipa mwala umasweka msanga, moto umathetheka pang'ono, ndipo mumamva "tche", kenako "fuu", kenako mfuti n'kulira inu mutasuntha kale. Woyamba sadziwa ngati vuto ndi iye kapena loko, ndiye amataya mtima. Zimandipweteka, chifukwa munthuyo amachoka akukhulupirira kuti mfuti za mwala n'zosadalirika, pamene sanagwirepo yabwino.

Palinso nkhani ya wonga, imene ingakusankhireni yokha. Ya mwala imafuna wonga wakuda weniweni, monga Goex, Swiss kapena Schuetzen. Zolowa m'malo mwake, Pyrodex ndi Triple Seven, zimene mumazipeza pa shelefu m'masitolo a zosakira, zimafuna moto wotentha kwambiri kuti ziyake, ndipo m'kambale ka mwala siziyaka modalirika. Wonga weniweni masitolo ambiri sasunga chifukwa malamulo amauika m'gulu la zophulika ndipo kasungidwe kake kali ndi zofunika zambiri. Mumaitanitsa, n'kulipira ndalama yapadera yotumizira katundu woopsa, kapena mumagula ku kalabu. Ya cap imalandira zonse. Komano kuyambira 2020 ma cap akhala akusowa m'masitolo nthawi ndi nthawi. Choncho yendani kaye m'masitolo a kwanuko muone chimene chikupezeka, musadzamange mfuti yopanda chodya.

Za kukula kwa mpope sindichedwapo. Tengani .50. Zipolopolo zake za mtovu zozungulira za .490, zolemera pafupifupi ma grain 177 (grain ndi kamuyeso kakang'ono ka kulemera), zimapezeka paliponse, pamodzi ndi tinsalu tokulungira, maburashi ndi zotsukira. Gwape imamugwetsa bwinobwino pa mtunda wa mayadi 75 kapena kuchepera, ndipo pa chandamale mumangochepetsa wonga. Ya .54 ndi ya nyama zazikulu monga elk, mtundu wa gwape wamkulu kwambiri. Za .32 ndi .36 ndi za agologolo ndi akalulu, sizidya wonga wambiri, koma zimada msanga mkati ndipo ndodo yake yowonda imathyoka. Ya .45 ndi yabwino kwambiri pa chandamale, koma zigawo zimaika malire a kukula kwa mfuti yosakira agwape, ndiye werengani kabuku ka malamulo a kusaka ka Indiana ka chaka chimenecho musanasankhe yocheperapo. Paundi imodzi ya wonga ili ndi ma grain 7,000, ndiye pa ma grain 70 mumawomba ka 100. Muwerengere pamenepo ndalama ya masewerawa.

Yang'ananinso nambala ya kupota kwa timizere. Akalemba 1:48 ndiye kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 48. Imeneyo ndi yapakatikati, imawomba zozungulira ndi zosongoka zomwe. Kuyambira 1:60 mpaka 1:70 ndi ya chozungulira chokulunga m'kansalu, chimene ine ndikukulangizani. Ya 1:28 ndi ya zipolopolo zazitali zamakono, ndipo pa mfuti ya kachitidwe kakale ilibe ntchito kwa inu.

Chimene chithunzi cha pa intaneti sichingakuuzeni ndi kulemera. Hawken ya mpope wa mainchesi 32 imafika makilogalamu 4, ndipo kulemerako kuli kutsogolo. Ena amakonda zimenezo chifukwa mfuti sigwedezeka poloza, ena dzanja limatopa. Mfuti zazitali zija zinayambira kwa amisiri ochokera ku Germany m'dera la Lancaster ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1700 zimaoneka zolemera, koma zabwinozo zili ndi mpope wonenepa kumbuyo, wowonda pakati, n'kufutukukanso pang'ono kukamwa. Mukainyamula mumadabwa kupepuka kwake. Kibler ndi Chambers amagwiritsa mipope yotere, ma kit otchipa ayi. Tako la Hawken ndi lokhota ngati mwezi, ndipo silikhala pa phewa penipeni koma pa mkono, kunja pang'ono kwa phewa. Mukaliika molakwika, nsonga zake zimakulasani. Ngati ndinu wamanzere, funsani musanagule, pakuti ma kit ambiri ndi a dzanja lamanja lokha, ndipo pa ya mwala moto wa m'kambale umayakira pafupi ndi nkhope.

Apa muli ndi mwayi umene ambiri alibe. Likulu la National Muzzle Loading Rifle Association, bungwe limene linayamba mu 1933, lili m'chigawo chanu chomwecho, ku Friendship, kumwera chakum'mawa kwa Indiana. Mipikisano yawo ikuluikulu imachitika mu June ndi mu September, ndipo kumabwera ogulitsa zipangizo ndi amisiri ochokera m'dziko lonselo. Ndi ulendo wa theka la tsiku kuchokera ku South Bend. Mukapita, mudzagwira mfuti za mitundu yonse ndatchulayi, kuziika pa phewa, n'kufunsa anthu amene anazimanga. Anthu a ntchito imeneyi amakonda kufunsidwa. Ngati nthawi ikulola, pitani kaye musanagule.

Popeza munagwirapo matabwa, zipangizo zambiri mukuzidziwa. Mufunika vaisi yokhala ndi zikopa kapena timatabwa kukamwa, matupa a chitsulo ndi a thabwa, timipeni tosemera tating'ono takuthwa kwambiri, sandipepala kuyambira 120 mpaka 320, ndi masikuludiraiva a mfuti, aja a nsonga yowongoka yodzaza mpata wonse wa sikulu. Sikuludiraiva wamba amatafuna mitu ya masikulu, ndipo diso la wodziwa limayambira pamenepo. Kamakina ka Dremel kasiyeni mu dirowa. Kamachotsa mu sekondi imodzi thabwa limene simungalibwezere. Pokhazika chitsulo, chidetseni ndi mwaye wa kandulo, chikanikizeni m'malo mwake, chichotseni, n'kupala pokhapo pamene pada. Bwerezani mpaka chigone. Ndi ntchito yochedwa, koma palibe ina yoposa imeneyi.

Cholakwa chachikulu cha oyamba ndi kuopa kuchotsa thabwa. Fakitale imasiya lambiri dala, ndipo munthu amangokwecha pamwamba n'kupaka vanishi, mfuti n'kutuluka yonenepa, ya makona. Mfuti zakale zinali zowonda modabwitsa. M'mbali mwa mpope thabwa linkatsala lopyapyala, ndipo pozungulira loko pankatsala kamzere kakang'ono chabe. Onani zithunzi za zenizeni, jambulani ndi pensulo, semani pang'onopang'ono mbali zonse mofanana. Mukatha, nyowetsani thabwa ndi kansalu, liume, kwechani tiubweya tadzukato, ndipo chitani zimenezi katatu musanapake kanthu. Ma kit otchipa ambiri ndi a thabwa la beech, limene silimwa bwino mtundu wa mafuta, choncho gwiritsani wosungunula mu spirit. Walnut amangofuna mafuta. Maple wa mizeremizere amapakidwa madzi a iron nitrate n'kuwambidwa ndi mpweya wotentha, ndipo mizere ija imatuluka yofiirira mochititsa kaso. Mafuta pakani ochepa kwambiri ndi chala, muzisiya aume, kambirimbiri. Mpope mumaudetsa ndi dzimbiri lochita kuweta: kuutsuka mafuta onse, kupaka mankhwala monga a Laurel Mountain Forge, kuusiya pa chinyezi, kupukuta, kubwereza, kenako kuletsa dzimbirilo ndi madzi a soda n'kupaka mafuta. Tsekani kukamwa ndi pa kansonga kuti mankhwalawo asalowe mkati.

Pa madola 700 aja, patulani 100 mpaka 200 ya zinthu zimene sizibwera m'bokosi: choyezera wonga, kandodo koyambira kulowetsa chipolopolo, ndodo yachitsulo yotsendera ndi kutsukira, chokokera chipolopolo chokanirira, magalasi ndi zotseka m'makutu. Ndodo yathabwa yobwera ndi kit imathyoka ndipo imalasa dzanja, ndiye ikhale ya kutchire kokha, ndipo muziigwira pafupi ndi kamwa la mpope.

Pa tsiku loyamba kuwomba musakhale nokha, pitani ndi mnzanu uja kapena ku kalabu. Wonga wa mfuti zamakono, uja wopanda utsi, usadzalowe mu mpope umenewu ngakhale pang'ono, ngakhale utaoneka wakuda, chifukwa umauphulitsa. Wonga muziyeza ndi choyezera, osathira mu mpope kuchokera m'botolo, pakuti kamoto kotsalira mkati kangayatse botolo lonse lili m'manja. Pa .50 yambani ndi ma grain 50 a wonga wa 2F kapena 3F (zizindikiro za kukula kwa timibulu take), muzikwera pang'onopang'ono, osapitirira malire olembedwa m'kabuku ka wopanga. Chipolopolo chifike pa wonga ndithu, pasatsale mpata. Lembani chizindikiro pa ndodo, china cha mpope wopanda kanthu, china cha wodzaza, kuti musadzathire kawiri. Ikakana kulira, iloze ku chandamale kwa mphindi yathunthu musanaigwire kwina. Ndipo muitsuke tsiku lomwelo ndi madzi, muiumitse, muipake mafuta, chifukwa zotsalira za wonga zimayamwa chinyezi ngati mchere m'dzinja, ndipo usiku umodzi ndi wokwanira kuyambitsa dzimbiri. Ma Hawken a kufakitale ali ndi kachipinda kopapatiza kumbuyo kwa mpope kamene kansalu wamba sikafika, ndiye chotsani mpope, muviike kumbuyo kwake m'chidebe cha madzi, muzipopa ndi ndodo mpaka madzi atuluke oyera.

Bokosi likafika, musagwire tupa tsiku limenelo. Yalani zonse patebulo muwerenge ndi ndandanda ya m'kabuku. Unikani mu mpope ndi tochi. Yang'anani thabwa ngati lili ndi mng'alu kapena lapindika, makamaka pakhosi, kumbuyo kwa loko, pamene mitsempha ya thabwa iyenera kutsata kupindika kwa khosilo osati kulidula mopingasa, chifukwa mfuti zambiri zimathyokera pamenepo. Kokani nyundo mumve ngati ikugwira zolimba pa malo onse awiri amene imaima, ndipo pa malo oyambawo trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, isathe kuigwetsa. Chilichonse chokayikitsa chijambuleni mutumize kwa wogulitsa nthawi yomweyo, pakuti mukangosema kapena kupaka kanthu, ambiri salandiranso.